Sopo wa Tonthola

Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri zimene akhala akugulitsa m'golosale yawo ya pachipata cha msika, Azakhali anali asanatsekepo Lachitatu. Ngakhale malungo ankawadziwa, ankawagwira Lamlungu. Koma Lachitatu limeneli anakhoma loko pachitseko m'mawa, makasitomala awiri ali chilili ndi mabasiketi m'manja, n'kukwera basi yopita ku yunivesite akutsonya njira yonse.

Chinawatseketsa shopu chinali kalata. Mwana wa malemu achimwene awo, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, ankamaliza digiri ya zotsatsa malonda. Kunyumba ankamutchula Namafunso, chifukwa ali wamng'ono sankatha kudya osafunsa kuti mchere unachokera kuti. Tsopano kalatayo inkati Lachisanu akaonekere pamaso pa komiti yosungitsa mwambo, pa mlandu wobera lipoti la kafukufuku la mnzake. Akapezeka wolakwa, sukulu yathera pomwepo, digiri palibe, zaka zinayi zapita m'madzi.

Anamupeza m'chipinda chake chogona ku hositelo, atapinda miyendo, nkhope kukhoma.

"Dzuka," anatero Azakhali. "Sindinatseke shopu kuti ndidzaone msana wako."

"Sindinabe, azakhali."

"Ndakufunsa zimenezo ine? Mwana amene ndinamukwapula chifukwa chobweza switi imene kasitomala anamupatsa? Yamba pachiyambi, ndipo usandiyankhulire zakusukulu."

Namafunso anafotokoza osatembenuka. Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku. Wake unali wofuna kudziwa mmene amayi a mumsika amasankhira sopo. Zimenezi Azakhali ankazikumbukira bwino, chifukwa Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri mtsikanayu ankaima pakhomo pa golosale ndi mafomu ake, kuimitsa anthu amene anabwera kudzagula machesi n'kumawafunsa maganizo awo pa thovu. Mafomuwo anakwana mazana awiri. Anawaika m'katoni ya sopo imene Azakhali anamupatsa, pamodzi ndi kafulashi kosungira lipoti limene anali atalemba theka, n'kusiya m'chipinda chimene ophunzira amasungamo katundu wa kafukufuku. Masabata atatu apitawo katoniyo inasowa.

"Ndinamalizira ndi manambala amene ndinalemba m'kope langa. Ndinapereka mochedwa ndi masiku anayi. Koma Watayi anali atapereka kale lake, ndiye makina a kompyuta ofufuza zobera atayerekeza anati malipoti athu akufanana."

"Watayi ndiye ndani?"

"Mtsogoleri wa kalasi yathu. Sayenda opanda tayi. Mafomu onse ali ndi iyeyo, akuti ndi ake."

"Dzina lako silili pamafomupo?"

"Salola kulemba dzina. Akuti ochonga asadziwe mwiniwake."

"Nanga kalembedwe ka dzanja lako?"

"Ndinkangochonga m'timabokosi, azakhali. Kuchonga n'kumodzi kwa aliyense."

"Aphunzitsi amene amakuyang'anira?"

"Amayang'anira anthu 80. Anasaina osawerenga. Panopa ali kunja ku msonkhano, foni sakuyankha."

Azakhali anagwira m'chiuno. Kwawo kumsika, munthu akagulitsa ngakhale singano amadziwa amene wagula. Kuno anthu ophunzira mpaka kumera dazi anakonza dala kuti chinthu chisadziwike mwiniwake, kenako n'kuitanitsa komiti kuti ifufuze mwiniwakeyo.

"Unakanena kuti katoni yasowa?"

"Ndinakanena kwa alonda tsiku lomwelo."

"Chabwino. Samba kumasoko. Ndibwera."

* * *

Mkulu wa alonda anali bambo wamtali, wa ndevu zometa mosamala, woyankhula ngati akuwerenga chikalata pa perete.

"Dandaulo linalandiridwa, mayi. Linalembedwa. Linagwiridwa ntchito."

"Ndiye munapeza chiyani?"

"Palibe chinapezeka." Anatsegula buku lalikulu, kunyowetsa chala, n'kuloza mzere. "Nali apa. Lachiwiri, nthawi ya 3 koloko masana. Yasowa katoni imodzi ya sopo."

Azakhali anawerenga mzerewo kawiri, poganiza kuti mwina maso awanamiza.

"Bambo, munalibe sopo m'katonimo. Munali mapepala."

"Wodandaula anati katoni ya sopo."

"Katoniyo ndi imene inali ya sopo! Zam'kati zinali mafomu!"

"Zimenezo sizinalembedwe." Anatseka bukulo modekha. "Ife tinachita mbali yathu. Tinalowa m'zipinda makumi atatu. Tinanunkhiza paliponse. Tinapeza ophunzira awiri ali ndi sopo wambiri mokayikitsa, koma anaonetsa malisiti."

Azakhali anausiya mkanganowo. Pali anthu ena ukayamba kuwatukwana umangotaya malovu, iwo n'kulemba m'buku kuti mlendo analavula.

"Kiyi wa chipinda chija amasunga ndani?"

"Zimenezo si za ofesi ino. Kafunseni mlembi wa dipatimenti."

* * *

Mlembiyo anali mayi wachitsikana wa zikhadabo zazitali zopaka zofiirira, ndipo ankataipa ndi nsonga za zala ngati kompyutayo ikuotcha.

"Iii, nkhani imeneyo yatikhudza tonse, mayi. Koma kiyi sachoka pano. Onani, ali pa msomali apo. Amene amaloledwa kutenga ndi mtsogoleri wa kalasi yekha, ndipo ameneyo ndi mwana waulemu zedi. Akalowa muno amayamba wandifunsa za ana anga, mmodzimmodzi, ndi mayina awo."

"Lachiwiri lija anatenga?"

"Anatenga, nthawi ya nkhomaliro. Koma anali ndi chifukwa. Ankakatenga pulojekita, kaja koonetsera zithunzi pakhoma. Ndinamuona ndi maso angawa akutuluka atanyamula katoni yake ya pulojekitayo, atafunditsa jekete kuti isalowe fumbi. Mwana wosamala."

Azakhali anayang'ana pamwamba pa kabati. Panali chikwama chakuda cha lamba, chingwe cha magetsi chikulendewera pazipi.

"Icho n'chiyani?"

"Ndiye pulojekitayo."

"Imakhala m'chikwama?"

"Eee, kuyambira kale imakhala m'chi..." Zikhadabo zija zinaima m'malere. Mlembi anayang'ana chikwama, anayang'ana Azakhali, kenako anayang'ana chitseko cha ofesi ya bwana wake.

"Ndiye katoni ija inali ya chiyani, mwanawe?"

"Ine sindinaone kanthu," anatero mlembi mofulumira, n'kuyambanso kutaipa. "Ndinali pafoni. Ndili ndi ana atatu, mayi, chonde dzina langa lisamveke ku komiti."

* * *

Watayi sanavute kumupeza. Anali pansi pa mtengo pafupi ndi laibulale, atazunguliridwa ndi ophunzira a chaka choyamba, akuwafotokozera mmene munthu amadzigulitsira kwa olemba ntchito. Dzuwa linali loti nkhuku n'kuyasamula, koma iye tayi ili pakhosi, nsapato zikuwala. Atamva kuti mayiwa ndi ndani, anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Amayi! N'zomvetsa chisoni kuti tikukumana pa nkhani yotereyi. Ine mwana wanu ndilibe naye chifukwa. Anapanikizika, ndipo munthu akapanikizika amachita zinthu."

"Lachiwiri lija munatuluka ndi katoni m'chipinda cha kafukufuku. Inali ya chiyani?"

"Funso labwino kwambiri. Munali timapepala toitanira anthu ku chionetsero cha zamalonda."

"Mlembi akuti munakatenga pulojekita."

"Zonse ziwiri, amayi. Munthu wa malonda sayenda ulendo umodzi pa chinthu chimodzi."

"Mafomu anuwo munadzazitsa kuti?"

"Mumsika waukulu. Loweruka lililonse."

"Golosale yanga ili pachipata cha msika umenewo. Ntchentche ikalowa ndimaidziwa. Tayi yotereyi ndikanaiona."

Sanaphethire n'komwe. "Funso labwinonso. Ine ndinatuma anthu ondithandiza. Mtsogoleri sagwira yekha fomu, amayendetsa ntchito."

"Anthu akewo ndi ndani?"

"Anabalalika, amayi, anali a kanthawi chabe." Anamwetulira, mano onse poyera. "Mukuona, ife kuno timaphunzira chinthu chimodzi chachikulu. Kasitomala akafunsa, sumayankha kuti sindikudziwa. Ukangotero wamutaya. Yankho limakhalapo nthawi zonse."

Azakhali anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi. Anthu otere ankawadziwa. Amabwera pa golosale ndi zikwama zodzaza mafuta odzola amene amati amachiza zipsera, kusowa tulo ndi mavuto a m'banja. Kusiyana kwake kunali koti uyu ankayembekezera kupatsidwa pepala losonyeza kuti bodza lake ndi la ku yunivesite. Mtima unawawawa kwambiri poona kuti mnyamatayu akhoza kupambana, chifukwa akanakhala iwo a komiti, pakati pa mtsikana wolira ndi mnyamata wa mayankho, mwina akanakhulupirira wa mayankhoyo.

"Lipoti lanulo munakamangitsa kuti?"

"Kwa wafotokope wa kuseri kwa holo. Ntchito yake ndi yapamwamba, mukamuuze kuti ndakutumani ndine."

* * *

Kashopu ka wafotokope kanali kotentha ngati uvuni, kodzaza fungo la inki ndi guluu. Mwiniwake anali bambo wonenepa wa thaulo paphewa, ndipo ankayankhula ngati wakhala akudikira munthu womudandaulira kuyambira chaka chatha.

"Ana amenewa, mayi, andimaliza! Miyezi isanu ndi inayi ali phee, sabata yomaliza onse pakhomo pano, aliyense akuti zake ndiye zachangu. Magetsi akazima mlandu ndi wanga. Akalakwitsa dzina lawo lomwe mlandu ndi wanga. Watayi? Musanditchulire ameneyo! Ndinamumangira lipoti lonse, masamba 90, akuti chikuto chake chabuluu sichikugwirizana ndi uthenga wa lipoti. Uthenga! Ndinamanganso lachiwiri ndi chikuto chakuda. Loyambalo lili umo, m'zinyalala zangazo."

Analoza pansi pa tebulo ndi phazi. Azakhali anawerama n'kusuzumira. Mapepala otayidwawo anali m'katoni ya sopo. Pangodya pake panali tepi yabuluu imene iwo anamata okha katoniyo itang'ambika, ndipo pamwamba panali chizungulire cha kapu yawo ya tiyi, chifukwa kwa mwezi wathunthu katoniyo inali tebulo lawo kuseri kwa kauntala.

"Katoni iyi mwaitenga kuti?"

"Anasiya yemweyo. Anabwera nayo yodzaza mafomu, n'kugula kwa ine bokosi lapulasitiki lokhala ndi chogwirira. Akuti katoni ya sopo ikuchotsa ulemu wa kafukufuku."

"Mungakanene zimenezi ku komiti?"

Bamboyo anapukuta thukuta. "Mayi, makatoni a sopo ali m'dziko muno ndi angati? Adzati anatola kumsika. Ndipo ine malowa ndimachita kupempha chaka ndi chaka. Tengani katoni yanuyo ndi zinyalala zake zomwe, mwandithandiza kusesa."

Ananena zoona, ndipo zimenezo n'zimene zinawakwiyitsa kwambiri Azakhali. Anali ndi mlonda wonunkhiza sopo, mlembi amene sanaone kanthu, ndi katoni imene mboni yake inali kapu ya tiyi. Anakhala pa benchi panja, katoni pamiyendo, n'kutulutsa lipoti la chikuto chabuluu lija. Poti palibe aliyense pasukulu yonseyi amene ankaoneka kuti amawerenga, anaganiza zoti awerenge iwo.

Mawu ake anali olemera ngati thumba la simenti, ndipo masamba ambiri anangowadumpha. Koma atafika pa mndandanda wa mayina a sopo, anakhala bwino. Apa ndiye panali kwawo. Woyamba anali uja wobiriwira wa mtanda wautali, ndipo anavomereza ndi mutu. Wachiwiri uja wa pepala lofiira, zoona. Wachitatu ndi wachinayi ankawadziwa mpaka fungo. Wachisanu analembedwa kuti Tonthola, ndipo anthu khumi ndi atatu anati amamugwiritsa ntchito.

Azakhali anakwinya nkhope. Dzinalo linawakanda penapake m'mutu, ngati nyimbo imene unaimva kalekale, koma pashelefu yawo linali lisanakhalepo. Anatsegula kutsogolo. Mnyamatayo anali atalemba tsamba lathunthu za sopo ameneyu, kuti ndi amene ali ndi tsogolo, kuti eni ake angowonjezera zikwangwani m'misewu.

Anaimbira foni bambo wa kuholoselo amene amawapatsa katundu.

"Tonthola?" anatero bamboyo, phokoso la malole lili kumbuyo. "Mayi, ine sopo ndayamba kugulitsa ndisanakwatire, pano ndili ndi zidzukulu. Kulibe sopo wotero. Wakunamizani ndani?"

* * *

"Tonthola ndi sopo wanji?"

Namafunso anali adakali chigonere. Koma atamva funsolo anatembenuka, koyamba tsiku limenelo.

"Mwaliona kuti dzina limenelo?"

Azakhali anamuponyera lipoti labuluu lija. Mtsikanayo anawerenga mndandanda, anawerenga tsamba lotamanda lija, kenako anagwira pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo Azakhali sanadziwe ngati akulira kapena akuseka.

"Kulibe sopo ameneyu, azakhali. Ndinamupeka ndine."

"Unapeka? Ndiye kuti nawenso ndiwe wabodza?"

"Ayi, ndi njira yake. Ukamafunsa anthu, ena amangovomera chilichonse kuti uwasiye apite. Ndiye pamndandanda umaikapo dzina limodzi la chinthu chimene kulibe. Amene wanena kuti amachigwiritsa ntchito, fomu yake umaichotsa, chifukwa mayankho ake onse ndi okayikitsa. Ine ndinachotsa khumi ndi atatu. Lipoti langa likunena za anthu 187, ndipo ndinafotokoza zonsezi pa tsamba 41."

"Iyeyu sanaone tsamba limenelo?"

"Pamene kafulashi kankabedwa ndinali ndisanalilembe. Ndimaganiza kuti akudziwa, poti tinaphunzira m'kalasi. Koma mwina tsiku limenelo anali kokayankhula kwinakwake, m'kaundula wa opezeka m'kalasi amasainiridwa ndi anzake."

"Nanga a komitiwo, tsamba 41 sanalione?"

"Amawerenga ndi makina, azakhali. Makinawo amangonena kuti zafanana mochuluka bwanji."

Azakhali anakhala pa bedi, chifukwa miyendo inatopa ndi uchitsiru wa tsiku limenelo. Masabata atatu mwana akuonda, chonsecho yankho lili pa tsamba limene anthu olipidwa kuti aziwerenga sanalitsegule.

"Ndikanena Lachisanu," anatero Namafunso, maso akuwala.

"Ukanena iwe, iye adzati funso labwino kwambiri, ndimadziwa kale, ndinangoiwala kulemba. Ameneuja ndi nsomba ya m'madzi a sopo, sagwirika ndi manja. Iwe ukakhale chete mpaka ndikakugwire bondo."

"Mukachita chiyani?"

"Ndikagula sopo."

* * *

Lachisanu golosale inatsekedwanso. Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali ndi fani imene inkazungulira mwaulesi. Pakati panakhala wapampando, pulofesa wa imvi ndi magalasi a pamphuno, ndipo mbali zake aphunzitsi awiri, mmodzi akuyang'ana wotchi, wina foni. Mlembi wa zikhadabo uja ankalemba zokambirana, osayang'ana kumene kunali Azakhali. Watayi anaika bokosi lake lapulasitiki patebulo ngati mphatso ya ukwati.

Anayankhula mphindi khumi ndi zisanu. Ananena za dzuwa la mumsika, za amayi amene anamutsegulira mitima yawo, za chisoni chimene ali nacho pa mnzakeyu. Mphunzitsi wa wotchi uja anavomereza ndi mutu kangapo. Namafunso atafunsidwa ngati ali ndi umboni woti mafomuwo ndi ake, anayang'ana pansi, ndipo wapampando anausa moyo n'kutenga cholembera.

Azakhali anakweza dzanja.

"Mayi, kholo limaloledwa kumvetsera basi," anatero wapampando.

"Ndamva, bwana. Za mlanduwu sindinenapo kanthu, ine sukulu ndinalekeza panjira. Koma ndine wamalonda, ndipo lipoti la mnyamatayu ndaliwerenga. Landitsegula maso. Ndimangofuna andithandize kamodzi ndisanabwerere ku shopu."

Mawu oti landitsegula maso anamufika Watayi pamtima. Anakonza tayi. "Aloleni, bwana wapampando. Kafukufuku amapangidwira anthu ngati amenewa."

"Sopo uyu wa Tonthola mwamutamandayu, ine sindinamuikepo pashelefu. Ndikuona kuti ndikutsalira. Amaoneka bwanji, kuti ndikamuone ndikamudziwe?"

Kanthawi kochepa chabe, kosakwana kuphethira, maso a mnyamatayo anaima. Azakhali anadikira. Akanangonena mawu amodzi aja oti sindikudziwa, akanawavuta. Koma zaka zinayi anali ataphunzira kuti mawu amenewo sanenedwa kwa kasitomala.

"Funso labwino kwambiri, amayi. Ndi wachikasu. Chikasu chofewa, chosonyeza ukhondo."

"Pepala lake?"

"Lobiriwira, lokhala ndi mzere woyera pakati."

"Fungo? Makasitomala anga amayamba anunkhiza."

"La mandimu. Koma losaboola m'mphuno."

"Mwamuonadi ndi maso, kapena mwangomva kwa anthu aja munawatuma?"

"Amayi," anaseka, "ine sinditamanda chinthu chimene sindinachiyese. Ndasambira yemweyo lero m'mawa."

"Amapezeka kuti?"

"M'mashopu akuluakulu onse. Kumsika sanafike kwenikweni, n'chifukwa chake ndalangiza zikwangwani."

Azakhali anatembenukira kwa mlembi. "Mwanawe, zimenezi walemba? Chikasu, mandimu, ndi kusamba kwa lero m'mawa?"

Mlembi anayang'ana wapampando, kenako anavomera ndi mutu. Apo Azakhali anagwira bondo la Namafunso.

Mtsikanayo anaimirira. "Bwana wapampando, ndikupempha mutsegule lipoti langa pa tsamba 41."

Wapampando analifunafuna pansi pa mafayilo, ndipo polipeza chikuto chinalira ngati cha buku limene silinatsegulidwepo. Anawerenga mwakachetechete. Anakankhira magalasi m'mwamba n'kuwerenganso. Kenako anatsegula lipoti la Watayi, napeza tsamba lotamanda lija, n'kuwaika awiriwo pafupi. Mphunzitsi wa foni uja anaika foni pansi.

"Mnyamata," anatero wapampando pang'onopang'ono, "sopo amene wasambira lero m'mawayu kulibe. Ndi dzina la msampha. Wolemba mafunsowa analiika dala, ndipo njira imeneyi ndimaphunzitsa ndine, chaka chachitatu."

"Funso... ndiye kuti, bwana, ndimadziwa. Ndimafuna kuona ngati amayiwa..."

"Unalemba tsamba lonse kulangiza eni ake kuti akhome zikwangwani. Eni ake ati?"

Watayi anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibwerere pa yunivesite, munalibe kanthu. Anamasula tayi pang'ono, n'kuyang'ana bokosi lake lapulasitiki ngati lamuchitira chiwembu. Pamenepo mlembi anakweza chikhadabo chimodzi, n'kunena motsitsa mawu kuti wakumbukira zinazake zokhudza katoni ndi jekete.

Wapampando analemba kwa nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Namafunso pamwamba pa magalasi.

"Mlandu wako watha, mwana wanga, ndipo komiti ino ili ndi manyazi. Koma ndifunse chimodzi, kuti zolembazi zikwane. Dzina limeneli unalitenga kuti?"

Namafunso anayang'ana Azakhali, ndipo iwo anadabwa kuona kuti akumwetulira.

"Bambo anga atamwalira ndinali ndi zaka zinayi. Ndinkakana kusamba, ndinkalira kuti sopo amandilowa m'maso, ndipo amene ankadziwa kundisambitsa anali bambo okha. Tsiku lina azakhali anabwera ndi kachidutswa ka sopo atakakulunga m'pepala lonyezimira la switi. Anati ameneyu ndi wapadera, dzina lake Tonthola, bambo ako anamusiya kuti ndizikusambitsira, salowa m'maso. Ndinasamba osalira. Ndinadzazindikira ndili ndi zaka khumi kuti anali sopo wobiriwira yemweuja wa pashelefu, ankangodula ndi mpeni."

M'maganizo mwawo Azakhali anaona bafa lachitsulo lija kuseri kwa nyumba, kamwana koonda katatseka maso mwamphamvu, ndi iwo eni atagwira kachidutswa kaja ali osokonezeka, chifukwa nawonso sabata imeneyo anali ataika m'manda mchimwene wawo yekhayo ndipo sankadziwa kuti mwana amaleredwa bwanji. Anali ataiwaliratu. Anaiwala ngati mmene munthu amaiwalira bodza limene ananena kuti tsiku lidutse, osadziwa kuti wina walisunga zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

"Ndiye kuti mayiwa ndi amene anayambitsa kampaniyi," anatero wapampando, akuvula magalasi.

"Zachibwana," anatero Azakhali, n'kuimirira msangamsanga. Anakokera bokosi lapulasitiki lija kwa iwo, nakhuthulira mafomu onse m'katoni ya tepi yabuluu, n'kumukankhira Watayi bokosi lake lopanda kanthu.

"Mayi, mafomuwo ndi umboni," anatero wapampando.

"Akhale umboni ali m'katoni mwawo." Anaisiya patebulo, koma dzanja linakhalabe pa chizungulire cha kapu chija.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Azakhali ankayenda mofulumira kulowera kokwerera basi, Namafunso akuwathamangira pambuyo.

"Masiku awiri shopu yotseka," ankalankhula okha. "Zaka zinayi ku yunivesite kukaphunzira zimene ine ndinachita ndi mpeni ndi pepala la switi. Ndipo mawa ndi Loweruka, ubwere udzandithandize, koma fomu ndisaione."

"Azakhali."

"Chiyaninso?"

"Mukulira."

"Ndani akulira? Ndi katoni ija. Sopo wake wandilowa m'maso."

Namafunso sanawakumbutse kuti m'katonimo munalibe sopo kwa miyezi itatu. Anangotulutsa kampango m'thumba, n'kuwapukuta kumaso pakati pa msewu, anthu akuona, ndipo Azakhali anatseka maso mwamphamvu n'kumulola.